Mukuti ndi katuni chabe? Munaionerapo inuyo?

Loweruka lapitali ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chipumire ntchito yauphunzitsi. Tinalowa m'sitolo ina ku Limbe kukagula nsapato za sukulu, ine, mwana wanga wamkazi ndi mdzukulu wanga wa zaka 6. Mwini sitoloyo ndi bambo wa ku China, wachikulire ndithu, waimvi ngati ine ndemwe. Atawerama kuti amuyeze phazi mwanayo, kamnyamatako kanakoka zikope ndi zala, n'kutulutsa mano akutsogolo, n'kuyamba kubwebweta mawu opanda mutu kwinaku kakugwedeza mutu. Atsikana ogulitsa anafa nazo phwete. Mayi wina amene anali pamzere anasolola foni m'chikwama n'kuyamba kujambula. Amake a mwanayo, mwana amene ndinamulera ine ndi manja angawa, anangoti "iwe, usatero" uku akumwetulira. Bambo aja sananene kanthu. Anamanga zingwe za nsapato, n'kudzuka, n'kulowa kuseri.

Tili m'minibasi ndinamufunsa mwanayo kumene anazitenga. Akuti, "Agogo, ndi mmene kamachitira kamunthu kaja ka m'katuni ya mfumu yadazi." Amake n'kulowererapo: "Adadi, musapse mtima, ndi katuni chabe, ya nyimbo za ana. Anandiikira pa memore kadi anyamata a pamsika." Ndinawafunsa ngati anaionerapo. Ayi. Ngakhale mphindi zisanu? Ayi. Miyezi itatu mwana akuibwereza tsiku ndi tsiku, mayi ake osadziwa n'komwe kuti mkati muli chiyani.

Ndi katuni chabe! Mawu amenewa ndatopa nawo. Ndawamva kumaliro, mwana atapatsidwa foni kuti asasokoneze mwambo. Ndawamva kutchalitchi, kumpando wakumbuyo. Ndawamva kusukulu ina ya mkaka kumene tiana timakhala yuu pa TV kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya phala, makolo n'kumalipira fizi mwezi ndi mwezi. Kodi chinthu chikangojambulidwa ndi utoto wowala ndiye kuti chayera? Kodi mankhwala a makoswe mukawathira m'botolo la sobo amasanduka sobo?

Usiku womwewo ndinatenga foniyo, ndinavala magalasi, ndipo ndinaionera yonse, pafupifupi ola limodzi ndi theka. Dzina lake ndi The King and I, inatuluka mu 1999 kudzera ku kampani ya Warner Bros. Nyimbo zake ndinazizindikira msanga, chifukwa nkhaniyi si yatsopano. Linali sewero la nyimbo la pasiteji, lolembedwa ndi Richard Rodgers ndi Oscar Hammerstein, ndipo linayamba kuonetsedwa ku Broadway mumzinda wa New York mu 1951. Mu 1956 analisandutsa filimu ya anthu enieni, Yul Brynner n'kukhala mfumu ya mutu wometa ija. Sewero limenelo analembera akuluakulu. Muli ukapolo, muli mtsikana woperekedwa kwa mfumu ngati mphatso, muli chikwapu, muli maliro. Ndiye anthu ena anakhala pansi n'kuganiza kuti tichotsemo zowawazo, tiikemo tinyama toseketsa, tigulitse kwa ana. Ku America anaipatsa chizindikiro cha G, kutanthauza kuti ndi ya aliyense. Inu n'kukhulupirira.

Tamverani tsono zimene mwana wanu akumeza.

Mfumu imeneyo si ya m'nthano ayi. Inalipodi. Dzina lake Mongkut, inalamulira dziko la Siam, limene lero timati Thailand, kuyambira 1851 mpaka 1868. Isanalowe ufumu inakhala zaka 27 ili mmonke wachibuda, ikuwerenga mabuku. Inaphunzira Chingelezi ndi Chilatini. Inawerengetsera yokha tsiku ndi malo amene kadamsana adzaonekere, pa 18 Ogasiti 1868, n'kuitana alendo a ku Ulaya kuti adzaone ndi maso awo, ndipo zinachitikadi monga inanenera. Kumalo komweko inatenga malungo, malungo omwewa amene akutitha ife kuno, n'kumwalira patangopita milungu yochepa. Munthu ameneyu ndi amene mdzukulu wanga akumudziwa ngati "mfumu yadazi" yokalipakalipa, yoyenda chopanda nsapato, yodikira mayi wachizungu kuti aiphunzitse ulemu. Mafumu a banja limenelo amatchedwa Rama, ndipo Mongkut ndi Rama wachinayi. M'katunimo dzina loti Rama alipatsa nyalugwe wakuda woweta. Dzina la mpando wachifumu, kupatsa chiweto! Inu mungalole?

Nduna yaikulu ya mfumuyo aisandutsa mfiti. Ikutumiza chinjoka cha m'nyanja kuti chimize sitima, ikudzutsa ziboliboli ndi matsenga, ikufuna kulanda ufumu. Musewero la pasiteji mulibe zimenezo. M'mbiri yeniyeni ndiye kutalitali: nduna imeneyo, Si Suriyawongse, ndi imene inagwirizira mpando mfumu itamwalira, chifukwa mwana wolowa ufumu, Chulalongkorn, anali ndi zaka 15 zokha. Inausunga zaka zisanu, n'kuupereka kwa mwini wake mu 1873. Munthu wosunga chuma cha mwana wamasiye n'kuchibweza, lero ana athu akumudziwa ngati wakuba ndi mfiti. Zidzukulu zake ziliko ku Thailand. Zimamva bwanji?

Nanga kamunthu kaja kamene mdzukulu wanga amatsanzira? Akuti Master Little. Sikapezeka musewero, sikapezeka m'mbiri, anangokapeka kuti ana aziseka. Kafupi, konenepa, maso ofinya, Chingelezi chothyokathyoka, ndipo nthabwala yake yaikulu ndi yoti mano akungoguluka limodzilimodzi filimu yonse. Amene amakayankhulira ndi mzungu wa ku America, akuyeserera mmene akuganizira kuti anthu a ku Asia amayankhulira. Palibe china chimene kamunthu kameneko kamaphunzitsa mwana koposa ichi: ukaona munthu wa nkhope yotere, seka. Ndipo mwana wamva. Ana samva theka ayi. Wamva, wasunga, wakachita m'sitolo pamaso pa munthu wamkulu woti ndi agogo ake.

Tsono apa ndi pamene mtima wanga ukuwawira kwambiri. Mwaiwala kale za ku Njewa? Mu 2022 a BBC anaulula kuti munthu wina wa ku China ankajambula ana athu kumudzi kumeneko, kufupi ndi Lilongwe, akuwanenetsa mawu odzinyoza okha m'chinenero chimene sankachimva, n'kumagulitsa mavidiyowo kwawo. Dziko lonse linaima. Tinalira pa wailesi, tinalemba pa Facebook, ena anayenda mumsewu ndi zikwangwani. Tinati ana athu si zidole, khungu lathu si nthabwala. Tinanena zoona. Nanga lero mwana wathu akakoka zikope pamaso pa bambo wosalakwa, ife n'kumaseka n'kumajambula, tasiyana pati ndi munthu uja? Kunyozedwa kumawawa kukakhala kwathu kokha? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma ifetu chinationa kale dzulo, ndipo sitinaphunzirepo kanthu.

Taganizani wina ku California atajambula John Chilembwe, yemwe uja ali pa ndalama zathu, akuvina ndi anyani, mlangizi wake ali mfiti youluka pa lichero, pambali pali kamunthu kakuda ka milomo ikuluikulu kogwa m'matope mphindi iliyonse. Ataika nyimbo zokoma, n'kugulitsa kwa ana a dziko lonse. Mungati ndi katuni chabe? Mungaike pa memore kadi? Anthu a ku Thailand filimu ya 1956 ija anailetsa m'dziko mwawo. Ina ya nkhani yomweyi, Anna and the King, imene inatulukanso mu 1999, anakana kuti ijambulidwe kwawo mpaka eni ake anakaijambulira ku Malaysia, ndipo itatuluka anailetsanso. Eni mbiri akukana, ife tikutsegulira mwana n'kupita kokacheza.

Musandiuze kuti poti sewero loyambalo ndi lotchuka ndiye kuti zonse zili bwino. Nalonso lili ndi mlandu wake. Linachokera m'buku la Margaret Landon la 1944, lomwe linatsamira pa zimene analemba Anna Leonowens, mphunzitsi amene anakhala kunyumba yachifumu kuyambira 1862 mpaka 1867, ndipo odziwa mbiri anaonetsa kalekale kuti mayiyo ankakometsera nkhani zake. Dziko la Siam silinalamulidwepo ndi atsamunda, ndipo ukapolo anauthetsa ndi Chulalongkorn, pang'onopang'ono mpaka 1905, ndi nzeru za iye ndi anthu ake. Komabe sewerolo linkalemekeza omvera ake. Mtsikana Tuptim akonda mnyamata Lun Tha, athawa, agwidwa, mnyamatayo apezeka atafa. Mfumu inyamula chikwapu, dzanja likanika, ndipo kuchokera pamenepo mtima wake usweka mpaka imwalira mwana wake akulandira ufumu pambali pa bedi. Munthu umatuluka uli chete, ukuganiza.

M'katunimu zonsezo anakolopa. Lun Tha mulibe. Tuptim amupatsa mwana wa mfumu kuti akhale chibwenzi chake, pamene Chulalongkorn weniweni anali asanakwanitse zaka 14 nthawi imene mphunzitsi uja ankachoka. Gawo limene Tuptim amadzudzula ukapolo pamaso pa mfumu analichotsa. Mfumu ikwera chibaluni kukapulumutsa anthu, igwa, onse ayesa yafa, kenaka idzuka n'kuvina. Anachotsa imfa, n'kusiya chipongwe. Ndiye mundiuze, chimene chimawononga mwana n'chiti pa ziwirizi? Ana athuwa maliro amawadziwa. Amagona kumasiwa, amaona bokosi likutsika. Sanafunikire kubisiridwa kuti mfumu imafa. Chimene anafunika kutetezedwa nacho ndi kuseka munthu chifukwa cha maso ake, ndipo chimenecho ndiye anawapakulira mbale yodzaza.

Nyimbozo n'zokoma, sindikana. Ndi nyambo imene ili pa mbedza. Mwana amaimba, mayi ali kukhitchini amamva kanyimbo kofewa n'kumati mwana wanga akuphunzira Chingelezi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ngakhale kwawo komweko filimuyi anaikana: inadya madola pafupifupi 25 miliyoni kuipanga, n'kubweza pafupifupi 12 miliyoni okha, ndipo olemba m'manyuzipepala anadzudzula kamunthu komweka. Zimene eni ake anataya kudzala zaka zoposa 20 zapitazo ndi zimene ife tikutola n'kumadyetsa ana, osanunkhiza n'komwe.

Ndipo si imeneyi yokha. Pa kadi yomweyo ndinapezapo mafilimu oposa 30, ena omasuliridwa ndi anyamata aja amene amayankhulira pamwamba m'Chichewa, n'kumathiramo mawu oti sindingawalembe pano. Munamvetserapo zimene amanena? Kumavidiyo sho a m'misika, ndani amaima pakhomo kuona msinkhu wa olowa? Pa YouTube katuni ikatha imabwera ina yokha, kenaka ina, mpaka bandulo ithe, amasankha ndani? Mwana mwamuveka mahedifoni kuti asakusokonezeni pa WhatsApp; mukudziwa amene akumunong'oneza m'khutu? Mlendo wosamudziwa atafika pakhomo n'kunena kuti ndipatseni mwanayu ndikhale naye kuchipinda maola atatu ndizimuuza nkhani, mungavomere? Nanga bwanji mukuvomera tsiku lililonse?

Ife tinakula ndi nthano, ndipo sizinali zofewa. Munali afisi odya ana, munali atsikana omira padziwe, munali Kalulu wabodza. Koma wonena nthano anali agogo ako, atakhala pomwepo pamoto, akukuona nkhope. Iwo akati "padangokhala," inu mumati "tili tonse," ndipo munalidi tonse. Ukaseka posayenera ankakuyang'ana kamodzi kokha, iwe n'kudziwa. Ukachita mantha ankakukokera pachifuwa. Ukafunsa ankayankha. Foni ija ikamayankhula, ali ndi mwana wanu ndani? Mwana wanga wamkazi akuti, "Adadi, nthawi ilibe, ndimaweruka mochedwa." Ndikudziwa, moyo wa m'tauni ndi wothamanga. Koma nthawi yopita pamsika kukaikitsa mafilimu inapezeka. Nthawi yojambula mwana akuvina n'kuika pa sitetasi imapezeka. Ola limodzi loti muone chimene chikulowa m'mutu mwa mwana wanu ndiye lasowa?

Aphunzitsi a sukulu za mkaka, inunso ndikukunenani. Mwaphunzitsidwa ntchito, mukulandira malipiro, ndiye mukutsegula TV n'kukhala pakhonde. Azibambo, musabisale kumbuyo kwa akazi anu. Foni imene mwana amagwira madzulo nthawi zambiri ndi yanu. Anyamata oika mafilimu, mukamva kuti "ndiikireni za ana," mumangokokera chilichonse chojambulidwa, zolaula ndi zachiwawa zomwe, poti ndalama mwalandira. Mulibe abale anu aang'ono kunyumba?

Lolemba ndinamugwira dzanja mdzukulu wanga, tinakwera minibasi, tinabwerera kusitolo kuja. Ndinavula chipewa. Mwanayo anagwada n'kunena kuti pepani, misozi ili mbwembwembwe. Bambo aja anamudzutsa, n'kumusisita pamutu, n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Atsikana aja anayang'ana pansi onse.

Mayi inu munajambula ndi foni, ngati mukuwerenga izi, fufutani vidiyo imeneyo lero. Ndinu munthu wamkulu. Chitani manyazi.