Kamera ya agogo isaolere m'kabati

Anzanga okhala muno mu Mzuzu, ndili ndi pempho. Ngati kwanu kuli kamera ya filimu imene bambo kapena amalume anasiya, itulutseni m'chikwama chake lero lomwe. Chifunga ndi mvula yamvumbi yathuyi zimawononga makamera mwakachetechete. Lenzi ikakhalitsa mumdima ndi m'chinyezi imachita chuku mkati. Mukaiyang'anitsa powala mudzaona timizere toyera ngati ukonde wa kangaude, ndipo chukucho chikakhalitsa chimadya galasi moti kupukuta sikuthandizanso. Tsegulaninso pokhala batire. Mabatire osiyidwa momwemo amatuluka madzi n'kudya tizitsulo.

Makamera amenewa si zinyalala ayi. Pentax K1000, imene inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997, imajambula popanda batire. Batire ntchito yake n'kuyeza kuwala basi. Olympus Trip 35 ndiye sifuna batire n'komwe, kuwala imayezera pa timagalasi tozungulira lenzi. Kuno magetsi amathimathima, chida chosadikira kutchaja ndi chuma.

Koma chimene sindigwirizana nacho ndi kugula makamerawa n'kungowandandalika pa shelufu kuti alendo aziona. Kamera ikangokhala, mafuta a mkati amauma, shata, kachitseko kamene kamalowetsa kuwala ukadina, n'kuyamba kukakamira. Ngakhale mulibe filimu, muzikoka kachitsulo koyendetsa filimu n'kudina kangapo pa mwezi, ndipo muziisunga podutsa mphepo, osati m'chikwama chachikopa chija.

Filimu ndi yodula, sindikukana, ndipo kupeza wotsuka ndi ntchito. Komabe mpukutu umodzi uli ndi zithunzi 24 kapena 36 zokha, n'chifukwa chake munthu sudina mwachisawawa. Umaima pa msika wa Taifa, kudikira mayi wogulitsa zitenje atukule nkhope, dzuwa limugwere bwino, kenako n'kudina kamodzi. Ndi mmene ankachitira ojambula oyenda pa njinga aja, amene ankabwera pa ukwati n'kubweretsa zithunzi patatha sabata. Zithunzi zawo zidakalipo m'maalubamu ku Chibavi, ku Katoto, ku Luwinga, pamene zambiri za pa foni zinapita pamodzi ndi foni yobedwa.

Chinanso, mukapeza manegetivu mu envelopu, chonde musayatsire mbaula. Agwireni m'mbalimbali, osati pakati, muwaike pouma. Negetivu imodzi imatulutsanso chithunzi chatsopano cha agogo anu, chachikulu kuposa chimene chili pakhoma.

Amene ali ndi kamera ya Yashica kapena Zenit kunyumba, andiuze. Ndikufuna tidzakumane Loweruka lina, tidzaziyese limodzi.