Za ma ARV: ife, aku Joni ndi aku Mozambique, ndani amafotokozera odwala zomveka?

Funsani munthu amene amamwa ma ARV kuno ku Blantyre kuti mukumwa mankhwala anji, ambiri angokuuzani kuti 13A basi. Nambala imeneyi ndi yathu yokha ya kuno, m'buku la kuchipatala imagwira ntchito bwinobwino koma ukangodutsa pa Mwanza ulendo wa ku Joni yathera pomwepo. Nesi wa ku Hillbrow 13A sayidziwa, iye amadziwa TLD, kutanthauza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, atatu onse m'pilitsi limodzi lija dziko lino linasinthirako mu 2019. Ndiye abale athu ena ali kumeneko amangodikira botolo lotumizidwa pa basi, basi ikachedwa masiku akudumpha, chonsecho mankhwala omwewo ali pakiliniki yapafupi ndi pomwe akugona.

Apa aku South Africa anatiposa, tisanamizane, ndipo anaphunzira movutikira. Nthawi ya Thabo Mbeki nduna ya zaumoyo Manto Tshabalala-Msimang inkalimbikitsa adyo, mandimu ndi beetroot anthu akutha, ndiye gulu lomenyera ufulu wa odwala la Treatment Action Campaign (TAC) lomwe linayamba mu 1998 linati ayi, tiphunzitse odwala eni akewo. Ankalowa m'makomboni ngati Khayelitsha kumafotokoza m'Chixhosa kuti CD4, muyeso wa chitetezo cha m'thupi, ndi chani, kachilombo kamapima bwanji ukamadumphitsa, mayina a mankhwala mpaka kuwaika m'nyimbo. Mayi wogulitsa tomato n'kumafunsa dokotala kuti mwandisinthiranji mankhwala. Kuno kufunsa funso ngati limeneli ena amaona ngati mwano.

Ku Mozambique nkhani ndi ina. Makadi ndi zolembalemba zambiri zili m'Chipwitikizi, ma ARV amati TARV, pomwe agogo a ku Angónia amalankhula Chichewa ngati ife tomwe. Koma anapeza kanjira kabwino ku Tete mu 2008 mothandizana ndi bungwe la madokotala la MSF, timagulu ta anthu osaposa 6 totchedwa GAAC, mmodzi amapita kukatengera anzake onse mosinthanasinthana. Akakumana amawerengerana mapilitsi, kufunsana zomwe anachita nazo manyazi pamaso pa nesi, m'chilankhulo cha kunyumba. Ku Thyolo anatengera nzeru yomweyi.

Ife mwayi tili nawo waukulu, Chichewa chimamveka kwa anthu ochuluka zedi. Tili ndi ma expert client, anthu oti nawonso akumwa ndipo amakuuza za nseru ndi kusowa tulo kwa masabata oyamba mosabisa mawu, tili ndi ma teen club a achinyamata, Chipatala Cha Pa Foni, ndi uthenga uja wa Tizirombo Tochepa = Thanzi womwe ine ndimaukonda chifukwa ngakhale mwana amaumva. Option B+, ndondomeko yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo ayambe ma ARV a moyo wake wonse, yomwe mayiko ena anatengera, inayambira konkuno mu 2011.

Chomwe chimatigwetsa ndi changu. Maphunziro a m'mawa aja amachitika anthu ali mbwee pabenchi, wina akutonthoza mwana, wina maso ali pakhomo kuti woyandikana naye nyumba asamuone, ukalowa mkati mzere kumbuyoku wafika panja ndiye umangolandira botolo zikomo adokotala n'kutuluka. Zofunika zenizeni zimatsala. Angati anauzidwa kuti mapilitsi owonjezera magazi kapena mankhwala a chilungulira aja amalepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'thupi ukawamwera limodzi pamimba yopanda kanthu? Kapena kuti ukayamba mankhwala a TB pamafunika kapilitsi kena ka dolutegravir kowonjezera? Viral load nayo, kuchuluka kwa tizirombo m'magazi, munthu amangouzidwa kuti zili bwino, nambala yake osaiona n'komwe.

Amene mukukonza ulendo wa ku Joni kapena ku Tete, musanakwere basi pa Wenela pitani kaye komwe mumalandirira, akulembereni kalata ya transfer, dzina lonse la mankhwala ndi zotsatira za viral load yomaliza, kenako mujambule pafoni poti mapepala amanyowa m'njira.