Tsiku lojambula salisuntha usiku pa WhatsApp

Ndakwiya ndipo sindibisa. Lachitatu lapitali tinayenera kukajambula pulogalamu ya pa TV ya alimi a nsawa m'mudzi wina cha ku Chadiza. Zonse zinali zitakonzeka. Lachiwiri usiku, 9 koloko itadutsa kale, mabatire ali pa chaji, ine ndikukulunga zingwe za maikolofoni, foni ija kulira. Uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa bwana wa bungwe lomwe linatipatsa ntchitoyo: mawa sizitheka, tisunthire sabata yamawa. Basi, uthenga wonse ndi womwewo. Pepani palibe, kuimba foni kuti timve mawu awo palibe. Ati pepala la ndalama za mafuta silinasainidwe.

Bwana, tsiku lojambula salisuntha chonchi. Si mpando woti mwauchotsa pakhonde n'kukauika pansi pa mango, ukhalabe mpando womwewo. Tsiku limenelo lakhala pamisana ya anthu ambiri amene inu simunawaonepo, ndipo mukalikankha usiku ndi chala chimodzi, ogwa ndi iwowo. Inu mumagona tulo tabwino.

Mukudziwa mmene kamera imalowera m'mudzi? Siingofika n'kuyamba kuloza anthu kumaso. Munthu amapita kaye kwa anyakwawa, osati chimanjamanja, n'kukhala pansi, n'kufotokoza kuti ndife ayani, tikufuna chiyani, ndipo zithunzizo zikaonetsedwa kuti. Anyakwawa amaitana nduna zawo. Uthenga umayenda nyumba ndi nyumba. Gulu la amayi limakhala pansi kusankha oti alankhule, ndipo wosankhidwayo amagona akuyeseza mawu ake mumtima. Wopita kukachita zonsezo ndinali ine. Nkhope imene anthu aja akuidziwa ndi yanga. Dzina la bungwe lanu sakulikumbuka n'komwe, akungodziwa kuti mnyamata wa ku Chipata uja anati Lachitatu.

Ndiye 9 koloko usiku ndimuuza bwanji munthu wa m'mudzi moti netiweki amaipeza atakwera pachulu? Mafoni onse anali osapezeka. M'mawa ndinakwera njinga yamoto, m'matope a February, kukawauza pamaso. Ndinapeza pabwalo patasesedwa kale, mizere ya tsache ikuonekabe padothi lonyowa. Amayi atakhala pamphasa, onse atavala zitenje zofanana za gulu lawo, zija amazisunga m'sutikesi kudikira tsiku lalikulu. Kuseri kwa nyumba nkhuku inali itasosoledwa kale. Nditamaliza kufotokoza, panakhala zii. Kenaka agogo ena anandifunsa mofatsa kuti, mwanawe, ndiye tidikire kapena tizipita kumunda? Ndinasowa poyang'ana. Bwana amene analemba uthenga uja funso limeneli sanalimve, ndipo sadzalimva.

Tsiku la mlimi mu February si laulere. Ino ndi nthawi yopalira. Nsawa zikuchita maluwa, ndipo zikangoyamba kulowetsa timizu ta makoko m'dothi khasu silifunikanso pafupi, mlimi aliyense akudziwa zimenezo. Anthu aja anasiya makasu chifukwa cha ife. Ena anakana ganyu. Mwini chigayo tinam'pempha kuti m'mawa wonse asalize injini, chifukwa phokoso la chigayo likalowa m'maikolofoni palibe kompyuta imene ingalichotse bwinobwino, ndipo iye anauza anthu ake kuti abweretse chimanga madzulo. Ndalama yake ya m'mawa umenewo alipira ndani? Dalaivala anakana ulendo wa ku Mfuwe chifukwa tinagwirizana naye kale. Wojambula wathu anali atafika kale kuchokera ku Lusaka, makilomita oposa 550 pa Great East Road, tsiku lathunthu ali m'basi, kudutsa mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke, Sinda, Katete, chikwama cha kamera chili pamiyendo chifukwa sangachiike pansi pa basi pamodzi ndi matumba a anthu. Kamerayo ndi yobwereka, ndipo mwini wake amawerenga masiku, kaya mwajambula kaya simunajambule. Chipinda chogona chinalipiridwa. Petulo wa jenereta yochajira mabatire anagulidwa, chifukwa chichokereni chilala cha 2024 pamene madzi anatsika ku damu lopangira magetsi la Kariba, palibe wa ntchito yathuyi amene amadalira magetsi okha usiku woti mawa akajambula. Zonsezo zinapsa ndi uthenga umodzi.

Ndikubwereza, tsiku lojambula si lanu nokha. Mukalisuntha mwasuntha dalaivala, mwasuntha mwini chigayo, mwasuntha amayi makumi angapo ndi minda yawo, mwasuntha anyakwawa amene anaika ulemu wawo pa mawu athu.

Anthu ambiri akamaonera pulogalamu ya mphindi 26 amaganiza kuti tinaijambula m'mphindi 26. Ayi ndithu. Timalemba call sheet, pepala lonena kuti galimoto inyamuka nthawi yanji, ndani akhala kuti, tiyamba ndi chiyani, ndipo sitilemba mongosangalatsa maso. Timanyamuka kusanache chifukwa kuwala kwabwino ndi kwa m'mawa, dzuwa lisanakwere. Likafika paliwombo nkhope ya munthu imachita mithunzi m'maso, thukuta lili noninoni, iye akutsinzina, ndipo chithunzi choterocho simungachikonze. Nyengo ino masana mitambo imasonkhana, ndipo mvula ikayamba kugunda pamalata kufunsa munthu mafunso m'nyumba kwatha. Choncho zakumunda timayamba nazo, zokambirana pansi pa mtengo zimatsatira, zam'nyumba timazisiyira pomwe tikuona kumwamba mmene kulili. Munthu mmodzi amalankhula chinthu chomwecho kangapo, kamera ili patali, kenaka ili pafupi, kenaka ikuona manja okha akuzula udzu. Tambala akalira pakati pa chiganizo timabwereza. Njinga yamoto ikadutsa timabwereza. Ngati sitinamalize, mawa lake mayi yemweyo avale chitenje chomwecho ndi duku lomwelo, apo ayi woonera adzadabwa kuti wasintha zovala pakati pa mawu. Aliyense woonekera amasaina pepala lovomera, ndipo amene sadziwa kuwerenga timamuwerengera m'chinenero chake. Mukafuna chithunzi cha m'mwamba, drone, kandege kakang'ono konyamula kamera, siingoulutsidwa, pali malamulo a bungwe loyang'anira za ndege la Civil Aviation Authority oti atsatidwe. Madzulo, ena akupuma, wina amakhala akukopera zonse za pa memory card kupita pa hard drive ziwiri, chifukwa imodzi ikafa ntchito ya tsiku lonse yapita. Dongosolo lonseli limalukidwa mozungulira tsiku limodzi lija. Ndiye wina akuti tisunthe, ngati akusintha nthawi ya tiyi.

Ndipo sabata yamawa imene mukunenayo mwaiona pa kalendala? Ndi sabata ya Nc'wala, mwambo wa Angoni. Mwana aliyense wa kuno akudziwa kuti Loweruka lomaliza la February anthu onse amalunjika ku Mtenguleni. Malo ogona m'Chipata amadzaza, galimoto zabwino zimakhala zitagwidwa kale, ndipo aliyense wodziwa kugwira kamera kapena maikolofoni kuno kum'mawa amakhala ali ndi ntchito. Ndi chimodzimodzi kumapeto kwa August pa Kulamba, mwambo wa Achewa, ku Mkaika, ku Katete. Amene amakonza zojambula kuno masabata amenewo amawazungulira patali. Munthu wokhala mu ofesi, amene sanafunseko ngakhale funso limodzi, akusankha sabata yomweyo. Galimoto ndikaipeza kuti? Wojambula ndim'goneka kuti? Ndipo munda sudikira kamera. Pofika sabata inayo, chimene munkafuna kuti anthu aone m'munda muja chidzakhala chitadutsa, ndiye mudzatiuza kuti amayi ayerekeze kupalira m'munda woti apalira kale. Bodza limenelo ine sindijambula.

Walira mvula walira matope. Mwafuna kuti ntchito yanu ioneke pa TV, landirani ndi matope ake omwe. Matope ake ndi kusaina pepala la mafuta nthawi ikadalipo. Matope ake ndi kuimba foni masiku angapo tsikulo lisanafike ngati mwaona kuti zikuvuta. Mavuto amagwa, maliro amagwa, mlatho umakokoloka, palibe angakwiye ndi zimenezo. Koma izi sizinali ngozi. Pepalalo linali patebulo la munthu sabata yonse.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti anthu omwewa sangachite zimenezi kwa nduna ya boma. Akanakhala kuti woti afunsidwe mafunso ndi munthu wa tayi ku Lusaka, akanafika ola lathunthu nthawi isanakwane, nsapato zopolishidwa. Koma poti ndi amayi a kumudzi, aziyembekeza. Poti ndi mlimi, alibe wotchi. Poti ndi mwini chigayo, sawerengera ndalama. Kumeneko ndi kupeputsa anthu, palibe dzina lina. Ndipo anthu a kwathu kuno ndi aulemu kwambiri moti sakukalipirani. Adzangoti zikomo, palibe kanthu, mudzabwere. Musanamizidwe ndi zikomo ameneyo. Ulendo wina wojambula akadzafika m'mudzi umenewo, kaya ndi wa bungwe lina, kaya ndi wa nkhani, adzapeza pabwalo pali mbuzi zokha, ndipo adzabwerera akunena kuti anthu a kumudzi ndi ovuta. Si ovuta. Munawaotcha ndinu.

Anzanga a ntchitoyi, inunso ndikukuuzani. Tisiye kumeza zimenezi chifukwa choopa kuti ntchito ina sadzatipatsa. Pa pepala la mgwirizano pazilembedwa kuti wosuntha tsiku mochedwa alipira galimoto, alipira kamera, alipira anthu onse a pa call sheet, ndipo apereka kenakake kumudzi kolipira tsiku lawo lotayika. Komanso apite yekha akapepese kwa anyakwawa, akhale pamphasa, amve yekha mmene chete wa anthu okhumudwa amalemerera. Tisamangotumidwa ife kukanyamula manyazi a ena pa njinga yamoto.

Poti ndayamba, ndinene ndi ichi. Ngakhale pamene zonse zayenda bwino, tajambula, tadya nsima yawo, tatsanzika, ndi angati mwa inu amene amabwerera kukawaonetsa anthuwo zomwe anajambula? Pulogalamu imaulutsidwa madzulo ena, anthu a m'tauni aonera, a ku ofesi aombera m'manja, koma mayi amene analankhula uja alibe TV ndipo palibe anamuuza tsiku lake. Amangomva kwa mwana wake wa ku Lusaka kuti amayi tinakuonani. Dzina lake pansi pa chithunzi lalembedwa molakwika, mudzi wake auika m'boma lina. Kumapeto kwa pulogalamu mayina a mabwana amayenda bwinobwino limodzi ndi zizindikiro za mabungwe awo, koma womasulira amene anakhala usiku akutembenuza mawu a agogo kuti alembedwe m'Chingerezi palibe, dalaivala palibe, mudzi palibe. Projector imodzi, nsalu yoyera ndi jenereta yomweyo timachajira mabatire zikanakwana kuti mudzi wonse udzione madzulo amodzi. Ngakhale kungotumiza pa foni ya mphunzitsi wa pasukulu yapafupi. Ndalama ya zikwangwani ndi ma T-shirt imapezeka nthawi zonse, koma ya zimenezi akuti siinali mu bajeti.