Katchalitchi kabulauni ka ku Iowa ndi abusa ake oiwalika

Abale, pali katchalitchi kena ku America, m'chigawo cha Iowa pafupi ndi tauni ya Nashua, amakatchula Little Brown Church. Anthu amakadziwa chifukwa cha maukwati, amachokera kutali kukakwatirana mmenemo kenako nkuliza belu limodzi. Zabwino ndithu, koma ine chimandiwawa nchoti abusa amene anavutika nako satchulidwa kwenikweni.

Mpingo unayamba mu 1855 pamudzi wa Bradford, kudera lachidikha komwe minda imangoti yeee mpaka kotha maso, ndipo analibe nyumba yopempherera, ankangosonkhana paliponse papezeka malo. Kenako kunabwera abusa achinyamata a John Nutting, iwowo ndi amene anati ayi anthuni tiyeni timange, ntchito nkuyamba mu 1860. Ndalama kunalibe. Wina anapereka malo, wina mitengo yocheka matabwa, miyala ya maziko anakumba okha akhristuwo, ndiye ili mkati ntchito nkhondo yapachiweniweni ya ku America nkuyamba mu 1861, anyamata kupita kunkhondo zinthu kukwera mtengo, koma abusa aja sanafooke mpaka anakatsegulira mu 1864. Zaka zinayi kumanga kanyumba kamodzi ka matabwa! Ngakhale mtundu wabulauniwo sikuti anausankha chifukwa chokongola ayi, penti yoyera inali yodula ndiye anagula yotchipa imene anakwanitsa. Ineyo pamenepa mpamene ndimawapatsa ulemu, sanadikire kuti alemere kaye.

Inde, mphunzitsi wina wa nyimbo dzina lake William Pitts anadutsa pamalopa mu 1857 nkupeka nyimbo ya The Church in the Wildwood tchalitchicho chisanamangidwe nkomwe, ndipo nyimboyo ndi imene inadzakatchukitsa. Koma nyimbo sinanyamule mwala ngakhale umodzi.

Chomvetsa chisoni chinadza pambuyo. Njanji inadutsa ku Nashua osati ku Bradford, mabizinesi kusamuka, anthu kutsatira, ndipo mu 1888 tchalitchi chinatsekedwa. Tangoganizani m'busa amene ankalalikira zaka zomalizazo, Sabata lililonse kuona mabenchi akuchepa anthu, banja ili lapita, lija nalonso likumanga katundu, iye nkumaimabe kutsogolo kutsegula Baibulo. Amenewo ndimawaganizira kwambiri.

Tchalitchicho chinakhala chotseka udzu nkumera mpaka cha m'ma 1914 pamene anthu a m'deralo anagwirizana kuchikonza, mapemphero nkuyambiranso, ndipo mpaka lero Lamulungu lililonse amapempheramo.