A ku Ethiopia anayamba kumenyana ndi chifasisti chaka cha 1939 chisanafike

Ndikamva munthu akunena kuti nkhondo yolimbana ndi chifasisti, ulamuliro wankhanza wonga wa Mussolini ku Italy, inayamba mu 1939, mtima umandiwawa. Nanga anthu a ku Ethiopia aja tiziwaika pati?

Pa 3 Okutobala 1935 asilikali a Mussolini analowa m'dziko lawo, ndege zikuwaza mpweya wapoizoni pa asilikali ndi pa midzi yomwe. Bungwe la mayiko la nthawiyo, League of Nations, linati laikira Italy zilango, koma mafuta, amene akanaimitsa ndege ndi akasinja, silinawakhudze. Ngalande ya Suez inali chitsegukire, zombo za zida zikungodutsa. Mu Disembala chaka chomwecho nduna ya Britain Samuel Hoare ndi Pierre Laval wa ku France anapangana mseri kuti Mussolini angopatsidwa gawo lalikulu la dzikolo. Mfumu ya Ethiopia Haile Selassie atapita kukadandaula ku bungwe lija ku Geneva mu 1936, atolankhani a ku Italy anamuimbira mluzu momunyoza.

Komabe a ku Ethiopia sanapinde manja. Mu Febuluwale 1937 anyamata awiri anaponyera mabomba Rodolfo Graziani, amene Italy inamuika kulamulira Ethiopia, ku Addis Ababa. Kubwezera kwake kunali kupha anthu mumzindamo masiku atatu, kenako n'kukapha ndi amonke a ku Debre Libanos. Ankhondo otchedwa Arbegnoch anapirira m'mapiri mpaka mfumu inabwerera kwawo pa 5 Meyi 1941.

Pali ena amati tisamavutike kusiyanitsa, Mngelezi ndi Mtaliyana onse anali atsamunda. Mfundoyi sindiipeputsa. Agogo athu a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la Britain) ochokera ku Nyasaland anakakumana ndi zipolopolo za Italy ku Moyale ndi ku Somaliland mu 1940, koma pobwerera anapeza msonkho uli pomwepo, thangata ali pomwepo, mawu pa zaboma alibe. Zimenezo n'zoona ndipo n'zowawa. Koma sindingavomere kuti anakhetsa thukuta pachabe. Ulamuliro umene umanyadira poyera kuti mtundu wina ndi wongopondedwa unafunika kugwetsedwa, ngakhale mbendera imene iwo anagubira inali ndi litsiro lake.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi Graziani. Sanaimepo pabwalo lililonse kuyankha za Ethiopia, ndipo mu 2012 tauni ya Affile ku Italy inamumangira chipilala cha chikumbutso ndi ndalama za boma.