Ku Chipata kuli chipata, si kwa agogo anu

Ndabwera ndikung'ung'udza ndekha m'galimoto kuchokera ku Mchinji mpaka ku Lilongwe, ndiye bola ndilembe pano mwina mtima utsika.

Loweruka tinapangana anthu asanu kupita ku Chipata, kupita m'mawa kubwerako madzulo. Mwezi wathunthu tikukambirana pa gulu la WhatsApp. Za mafuta tinasonkha. Mwini galimoto anayenda uku ndi uku kukonza blue book, yellow card ya COMESA ndi kalata ya kupolisi. Tinanyamuka 5 koloko kudakali mdima, msewu wa M12, Msundwe, Namitete, Kamwendo, tiyi wa m'fulasiki tinamwera pa Mchinji boma. Pokwana 7 koloko tili pa boda ya Mwami, aliyense pasipoti m'manja.

Alamu anga akutulutsa yawo. Yakutha. Inatha chaka chatha. Chitupa cha unzika chatsala m'thalauza lina kunyumba.

Ine ndikuti, "Alamu, mwezi wonsewu simunaitsegule?" Iwo osachita ndi manyazi omwe: "Aaa mlamu, Chipata ndi pompano. Ndife Achewa tonse, Gawa Undi ali konko ku Katete, angatikanize ndani?"

Pompano? Pompano ndi dziko la eni. Kuyandikira si chiphaso. Ngakhale tambala wa ku Zambia mukumumva akulira muli mbali ino, mzere uja ukadali pomwepo. Munthu akulankhula Chinyanja ngati inu, nsima akudya ngati inu, ndalama yake nayonso ndi kwacha, koma mbendera pa mtengo paja ndi ina. Inde malire anadula atsamunda osatifunsa, tonse tinaphunzira ku pulayimale. Mukafotokozere wa immigration zimenezo muone ngati akudindireni.

Ndipo anthu a pawindo paja ndilibe nawo mlandu. Chitsegulireni boda yatsopano ija mu 2022, a Malawi ndi a Zambia ali m'nyumba imodzi, umangochoka pa windo ili kupita pa linalo. Anayi tinadinditsa tiyi asanazizire m'mimba. Watichedwetsa ndi munthu mmodzi amene pasipoti ya zaka 10 inamuthera m'sutukesi iye osadziwa. Safunsa anadya phula. Koma phula lake tinadya tonse.

Maola atatu, abale. Maola atatu tili pa dzuwa, achemwali anga akuti sangasiye amuna awo, alamu akuimbira foni "munthu amene amadziwa munthu". Kenaka akubwera ndi nzeru ina: akwere kabaza azembe njira yachidule, tikakumane kutsidya. Ndinangowayang'ana. Bambo wa ana atatu, tayi pakhosi masiku a ntchito, akufuna kulowa m'dziko la eni ngati mbewa. Akakugwirani kumeneko mudzanena kuti ndinu Mchewa? Ndiye ife ulendo wa tsiku limodzi usanduke wopereka chakudya ku selo?

Mapeto ake tinawabweza pa boma, tinawasiya akudya chipisi, ife nkubwereranso ku boda. Ku Chipata tinafika 12 itadutsa. Ku msika wa Kapata tinangothamangamo ngati tikuthawa mvula, nsima tinadya chiimirire, zoti tifike ku Katete tikaone ku Mkaika kumene kumachitikira Kulamba zinafera pomwepo. Mafuta onse aja, kudzuka konse kuja.

Ndikunena kuti ulendo wodutsa boda, ngakhale wa maola ochepa, ndi ulendo wa kunja. Tsegulani pasipotiyo muwerenge deti. Musaiyang'ane chikuto chokha ngati Baibulo la pa shelefu. Kaya ndi ku Chipata, kaya ndi ku Ulongwe kudzera pa Dedza, kaya ku Milange kudzera pa Muloza, kaya ku Kyela kudzera pa Songwe, windo lija silifunsa kuti agogo anu anabadwira kuti. Limafunsa pepala. Mulibe pepala, khalani kunyumba, musationongere tsiku. Ndatopa ndi "tikaonera konko". Tikaonera konko chiyani, pamene oonawo ndi ife amene tinakonzeka?

Ndipo inu amene mumatuma osapereka ndalama, nanunso ndikufikeni. Usiku wa Lachisanu mauthenga mbwee: mundigulireko chitenje, mundigulireko nsapato za mwana, ndamva kumeneko zinthu n'zotchipa. Mwamva mtengo wa K200 mwasangalala, simukudziwa kuti a Zambia anachotsa maziro atatu pa kwacha yawo mu 2013, ndipo yathuyi anaigwetsa ndi 44 peresenti mu November 2023. Kwacha ndi dzina chabe. Anyamata osintha ndalama pa boda paja umawapatsa mpukutu wodzadza dzanja, iwo nkukubwezera timapepala towerengeka, kuseka akuseka. Lero m'mawa wina wandiimbira kale kuti chitenje changa chili kuti. Chitenje chanu munandipatsa zingati?