"Usandizolowere" ndi "tinazolowera"

Muno mu Lilongwe mawu oti kuzolowera sachoka pakamwa pathu, koma ndimakayika ngati timadzimvetsera tokha tikamawanena.

Ubwino wake ulipo, ndisakane. Wakabaza akamapinda njinga pakati pa maminibasi pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe nthawi yoweruka, timati "ameneyu anazolowera," ndipo uko n'kumuyamikira. Mayi wa tomato mumsika amaunjika milu akucheza ndi mnzake, osayang'ana n'komwe, koma mulu uliwonse umafanana ndi unzake. Dzanja linazolowera. Mwana akamalira tsiku loyamba kusukulu, aphunzitsi amati "pitani mayi, azolowera." Anthu awiri akazolowerana ndiye kuti chinansi chayambika.

Tsono mawu omwewa amathanso kutembenuka. "Iwe wandizolowera eti?" Apa ndiye palibenso kuseka. Timauza neba amene amabwereka mbaula osabweza, kapena kondakitala amene wasunga chenji chako kuchokera kudepoti mpaka ku Area 25 akunamizira kuiwala. Tikati "usandizolowere" timatanthauza kuti kufatsa kwanga usakuyese kupusa, chimene ndakulola dzulo usachisandutse lamulo. Ndimawakonda mawu amenewa. Amaonetsa kuti timadziwa bwino lomwe momwe chizolowezi chimabadwira: chinthu chimachitika kamodzi, wina osalankhula, chimabwerezedwa, kenako aliyense amayamba kuchiona ngati ndi mmene ziyenera kukhalira.

Chimene chimandiwawa n'choti ukali umenewu timausungira anthu ang'onoang'ono. Chenji cha K200 timachimenyera nkhondo minibasi yonse n'kumva. Zikafika pa zazikulu, lilime limatembenuka, timangoti "aaa, ife tinazolowera."

Takumbukani 2022. Mu Januwale namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo mdima unakhala nafe mpaka chaka chotsatira. Ometa ndi owotcherera zitsulo ku Mchesi ndi ku Kawale ankagwira ntchito pakati pa usiku, pomwe magetsi ayakira. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti. Kenako mizere ya mafuta, abambo akuluakulu kugona m'galimoto pafiling'i siteshoni, magulu a WhatsApp ongouzana komwe thankala yatsitsa. Nthawi zonse zimayenda chimodzimodzi: poyamba phokoso, kenako nthabwala pa Facebook (pa nthabwala pokha, Amalawi sitigonja), mapeto ake zii. Ukafunsa, yankho ndi lomwe lija.

Ena mundiuza kuti munthu sangamakwiye tsiku ndi tsiku, angadwale BP. N'zoona. Mayi amene akufunika kupeza ufa wa madzulo alibe nthawi yolemba madandaulo, ndipo sindikumuloza chala. Koma kupirira ndi kuzolowera n'zosiyana. Wopirira amadziwabe kuti zinthu sizili bwino, amawerenga masiku, amafunsa kuti zitha liti. Wozolowera wasiya kuona. Amalumpha chithaphwi cha madzi onunkha pakhomo la msika osatsinzina n'komwe, ndipo mwana wake amakula akuganiza kuti msika uliwonse padziko umanunkha choncho. Amene ndikuwanena kwenikweni ndi ife a mafoni m'manja, odziwa nambala ya khansala ndi ya phungu, koma osaimbapo ngakhale tsiku limodzi.

Chodabwitsa china n'choti zoipa timazizolowera msanga, zabwino zimatikanika. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Nthawi imeneyo pashopu, patchalitchi, pamaliro, paliponse panali ndowa ya mpopi ndi sopo, ndipo mlonda samakulola kulowa usanasambe m'manja. Tinali titaphunzira kale zimenezi nthawi ya Covid-19, ndiye kanali kachiwiri. Mawa mukamakagula buledi, tayang'anani pakhomo la shopu yanuyo ngati ndowa ija ikadalipo, ndipo ngati ilipo, mutsegule mpopiwo muone ngati mukutuluka madzi.